Kadontho

Kuno ku Duluth chisanu chimaluma mpaka m'mano,
koma ine sindichiona kwenikweni.
Ndimagwira ntchito m'chipinda chapansi chopanda zenera,
momwe makina a maginito amagogoda tsiku lonse
ngati munthu wodzalonjerera ngongole yake.

Lachinayi lija ndinajambula mitu khumi ndi inayi.
Yonse inkawawa, eni ake sananame.
Khumi ndi itatu inatuluka yoyera mbee,
ubongo wopindidwa bwino ngati zovala zosita.
Womaliza unali wa Mayi Tollefson,
oyendetsa basi yachikasu ya ana asukulu.

Anavula ndolo, anavula wotchi,
kenako mphete ziwiri:
yawo, ndi ina yaikulu imene ankaivala pa chala chamanthu.
Sindinafunse mwini wake.
Kalata ya dokotala inali ndi mzere umodzi:
mutu, miyezi itatu.
Dokotala Pruitt amapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri pa munthu,
ndipo kulemba kalata yotere kumangodya imodzi.

Chinatuluka ndi kadontho.
Kanjere ka mpiru, kumanzere, kutali ndi pamene pankawawa.
Mwina anabadwa nako,
mwina kanawaperekeza ku ukwati,
kanakhala chete zaka makumi asanu ndi zitatu
osapempha kanthu kwa munthu.
Ife tinakaunika ndi nyali, tinakayeza, tinakapatsa dzina lalitali,
n'kuwauza kuti si kanthu,
koma abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndani angagone atauzidwa kuti si kanthu, koma?

Anabweza makiyi a basi,
poopa kukomoka ana a eni ali kumbuyo.
Anagawa mbale zagalasi kwa adzukulu,
anasankhiratu nyimbo za pa maliro awo.
Kalata ya ndalama inafika chipale chisanasungunuke,
a inshulansi atalumako mbali yawo n'kusiya fupa.

Masabata omwewo Bambo Okerlund,
amene mwendo wawo unkayiwala masitepe,
anali pa nambala makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Ndinkaona dzina lawo likukwawa pa ndandanda
kumbuyo kwa mitu yoyera mbee.

Ndinakumana ndi Dokotala Pruitt m'chikepe,
khofi m'manja, maso ofiira.
Anati: ukapanda kujambula,
mmodzi pa chikwi adzakupeza ali ndi loya.
Anatinso: iwowo ndi amene amapempha,
ukawakaniza amapita khomo lina.
Sindiwaweruza.
Nanenso ndimadyera pa kugogoda komweku.
Koma walira mvula walira matope,
ndipo matopewo amaponda ndi wina.

Ulendo wachitatu kadontho kanali pomwepo,
sikanakule, sikanasunthe,
kamangotiyang'ana ngati mlendo wodabwa ndi phokoso.
Mayi Tollefson akuvala ndolo anati,
mutu uja unasiyatu.

Ndinafunsa mankhwala ake.

Anaseka. Dokotala wa mano, iwo anatero.
Anaona mano anga ataperepeseka ngati choko,
n'kundifunsa ngati ndimagona.
Ndinati ayi, chimwalirireni Arne
ndimakukuta mano mpaka mbandakucha.
Anandipatsa kapulasitiki koluma usiku.
Anakhalanso pansi, mwanawe,
anakhala pansi n'kumvetsera.

Anavala mphete yaikulu ija pomaliza,
n'kuizunguza kawiri pa chala.
Basi ija inali itapatsidwa kale kwa wina.

Ndinasintha nsalu pa bedi la makina,
ndinapukuta pogonera mutu.
Pakhomo panali mnyamata wa jekete la ku doko,
kalata m'manja, mzere umodzi.
Ndinamuuza avule chilichonse chachitsulo,
agone chagada, asagwedezeke.
Ndisanatseke chitseko ndinamufunsa, motsitsa mawu
ngati ndikuba nthawi ya bwana:
kodi achimwene, usiku mumagona?